Njinga zakale zatuluka kuseri kwa nkhokwe: zoyenera kudziwa musanagule kapena kukonzetsa

Mukaima pa Chitakale m'mamawa, nthawi imene othyola tiyi akuthamangira kumaesiteti ndipo anyamata a kabaza ayamba kundanda pamphambano, yang'anitsitsani njinga zimene zikudutsa. Zina mwa izo ndi zija zinkagona kuseri kwa nkhokwe, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake. Felemu ndi ya m'nthawi ya agogo, foloko inachotsedwa ku njinga ina, chishalo n'chomanga ndi mphira, koma ikuyenda bwinobwino, dengu la zinanazi lili pakeliyala.

Kubwerera kwa njinga zoterezi kwadzutsa mafunso. Kodi njinga zasowadi, kapena ndi ndalama zimene zasowa? Kodi kugula yakale n'kupulumutsa ndalama kapena n'kudzigulira mavuto? Nanga bwanji tayala lolembedwa 28 limakana kulowa pa limu imene aliyense amaitcha 28? Tiyeni tione chimodzichimodzi.

Tikati njinga zasowa, tikutanthauza chiyani?

Pali kusowa kwa mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amakuphatikiza. Taganizani za chimanga m'mwezi wa February. Nthawi zina mumafika pamsika n'kupeza palibe ndi thumba limodzi lomwe. Nthawi zina matumba amakhala ali mbwee, koma mtengo wake ukubwezani kunyumba chimanjamanja. M'mimba njala ndi imodzi, koma magwero ake ndi osiyana.

Kusowa kwa mtundu woyamba kunachitika m'maiko a ku Ulaya ndi ku America mu 2020 ndi 2021. Mliri wa Covid-19 utabuka, anthu ankaopa kuthithikana m'mabasi ndi m'sitima, malo olimbitsira thupi anatsekedwa, ndipo ambiri anathamangira kukagula njinga nthawi imodzi. Nthawi yomweyo mafakitale a ku Asia, kumene njinga zambiri ndi zipangizo zake zimapangidwa, ankatseka n'kutsegula. Kampani ya ku Japan ya Shimano, imene imapanga magiya ndi mabuleki a njinga zambirimbiri padziko lonse, inaimitsa fakitale yake ya ku Malaysia mu June 2021 chifukwa cha malamulo oletsa kuyenda. Mtengo wotumizira makontena unakwera, ndipo mu March chaka chomwecho sitima yaikulu ya Ever Given inatsekereza ngalande ya Suez kwa masiku 6. Mashopu anauma. Anthu akumeneko anayamba kufukula njinga za makolo awo m'magalaja, mitengo ya zakale n'kukwera. Pofika 2023 zinthu zinatembenuka: mafakitale anali atapanga zochuluka, ogula atachepa, mashopu n'kudzaza mpaka kusowa poika.

Kwathu kuno nkhani ndi ya mtundu wachiwiri. Njinga zatsopano ndi zipangizo zake, kuyambira tayala mpaka sipoko, timaziitanitsa kunja, makamaka ku India ndi ku China, ndipo wamalonda amafunika ndalama zakunja kuti alipire. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, pamene malipiro a wothyola tiyi kapena phindu la mlimi wa nthochi ku Thyolo silinathamange liwiro lomwelo. Onjezani kusowasowa kwa mafuta a galimoto, kumene kumakweza mtengo wa minibasi n'kuchititsa anthu ambiri kufuna njinga yakapalasa. Onjezaninso namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene anakokolola nyumba ndi katundu wa mabanja ambiri ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Ofuna njinga achuluka, okwanitsa yatsopano achepa. Ndiye maso atembenukira ku zakale.

Njinga yakale si mtundu umodzi

Azungu ali ndi liwu loti vintage, limene amatchulira njinga ya zaka makumi angapo imene anthu amaisunga chifukwa cha mbiri ndi kukongola kwake. Kuno sitigulira njinga kuti tiziiyang'ana. Komabe kusiyanitsa kumathandiza, pakuti pamsika pa Limbuli kapena pa Luchenza mawu oti "yakale" amakuta mabanja atatu a njinga.

Banja loyamba ndi njinga yakuda ija ya matayala akuluakulu, ya mabuleki oyendera timitengo tachitsulo osati nthambo, yopanda magiya. Maonekedwe ake anachokera ku England. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya matayala awiri pafupifupi ofanana kukula, yoyendera tcheni, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopa mpweya. Kuchokera pamenepo makampani monga Raleigh ya ku Nottingham, Humber, Hercules ndi Phillips anatumiza njinga zamtunduwu kulikonse kumene kunali ulamuliro wa Britain. Akuluakulu athu akukumbukira kuti munthu wobwera ku Joni kapena ku Salisbury (Harare wa lero) ankadziwika ndi jekete, wailesi ndi njinga yonyezimira. Pambuyo pake a ku India ndi a ku China anatengera kapangidwe komweko: Hero ndi Avon za mumzinda wa Ludhiana, Atlas, Phoenix ya ku Shanghai, ndi Flying Pigeon ya ku Tianjin imene inayamba kupangidwa mu 1950. N'chifukwa chake Humber ya agogo ndi Hero ya mdzukulu zimaoneka ngati ana a mimba imodzi. Ndi njinga zimenezi zimene kwa zaka zambiri zakhala zikuwolotsa matumba a chimanga pa Muloza kuchokera ku Milange, ku Mozambique.

Banja lachiwiri ndi la njinga za magiya zimene zimabwera m'makontena zitagwira kale ntchito kunja, tinene kuti kaunjika wa njinga. Zambiri ndi za mtundu wa mountain bike, umene unayambira ku California chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Muli zabwino kwambiri, mulinso zimene kwawoko zinagulidwa motchipa m'sitolo ya zakudya n'kutayidwa chaka chisanathe. Monga mmene zimakhalira pa belo la zovala, diso la wosankha ndiye limagwira ntchito.

Banja lachitatu ndi laling'ono: njinga zimene mabungwe amatolera kunja n'kuzikonzera kuno. Chitsanzo ndi zija ankayendera onyamula makalata a Royal Mail ku Britain, zimene bungwe la Krizevac Project lakhala likutumiza ku Chilomoni mu Blantyre, komanso zimene a Africycle amakonza ku Zomba.

Kudziwa banja la njinga kumakuuzani chinthu chimodzi chachikulu: ikathyoka, chipangizo chake mukachipeza pa Chitakale pomwepo, kapena mpaka mutakwera minibasi ya ku Limbe.

Felemu: chimene mukugula kwenikweni

Pogula nyumba yakale simudandaula ndi penti kapena chitseko, mumayang'ana maziko ndi makoma. Pa njinga maziko ndi felemu pamodzi ndi foloko. Zina zonse, matayala, tcheni, chishalo, mapedulo, zimatha n'kusinthidwa.

Tsiku lina la msika ndinakhala pa benchi ya mmisiri wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Limbuli. Kunabwera mnyamata akukankha njinga yopentedwa kumene, yakuda bii, yonyezimira ngati yatuluka m'sitolo dzulo. Mwini wake anali ataima chapatali, akudikira ndalama. Mmisiri uja sanayang'ane n'komwe pentiyo. Anatenga sipanala yaing'ono n'kuyamba kugogoda mapaipi a felemu, khutu atatchera. Kumtunda kunkalira kuti ngwee, ngwee. Atafika pansi, pafupi ndi pamene pamalowa ekiselo ya mapedulo, kunangomveka phu.

"Mwamva, achimwene?" anatero. "Apa dzimbiri ladya mkati. Amene anapentayu anangofunditsa bala."

"Ndiye singawotchereredwe, bambo?"

"Kuwotcherera tingawotcherere. Koma tsiku limene mudzanyamule matumba awiri pa chitunda, mudzandikumbukira."

Dzimbiri lapamwamba, lija limachoka ndi sandipepa n'kusiya chitsulo choyera, si vuto. Loopsa ndi lochokera mkati, pamene madzi a mvula analowera pa paipi ya chishalo n'kukhazikika pansi kwa zaka. Kuno kwa ife, ndi chiperoni chathuchi, zimenezi si zachilendo.

Chachiwiri n'kuona ngati njingayo inagundapo. Yang'anani foloko cham'mbali: ngati yabwerera m'mbuyo cha ku felemu, inawombana ndi chinthu. Sisitani ndi chala kunsi kwa mapaipi awiri amene amakumana ndi khosi la njinga, paipi yaifupi ija imene mumalowa foloko. Mukamva kakhwinya kapena kuona penti itasweka mozungulira, chitsulo chinapindika pamenepo. Pofuna kudziwa ngati felemu ndi yowongoka, mangani ulusi kumapeto kwa felemu kumene kumalowa tayala lakumbuyo, muuzungulitse pa khosi, mubwerere nawo mbali inayo. Mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo uzifanana kumanja ndi kumanzere. Yesaninso kumasula chishalo ndi mahandulo. Zikakhala kuti zinamatirira ndi dzimbiri, ntchito ya mphindi zisanu imatha kusanduka ya masiku awiri.

Pali kusiyananso kwa chitsulo. Njinga za banja loyamba, ndi zambiri zakale za magiya, ndi zachitsulo chenicheni. N'zolemera, koma zikang'aluka wowotcherera wa pamsika amatha kuzilumikiza, ndipo zikapindika pang'ono zimawongoleka. Zambiri zatsopano zochokera kunja ndi za aluminiyamu: n'zopepuka, sizichita dzimbiri lofiira lija, koma zikang'aluka zimafuna makina apadera owotcherera amene sapezeka paliponse. Maginito amakuuzani msanga, chifukwa amagwira chitsulo koma aluminiyamu sagwira.

Chinsinsi cha manambala a patayala

Apa ndi pamene ambiri timagwa, ineyo ndinagwapo. Nditakonzetsa njinga ya amalume anga, ndinapita m'sitolo ina ku Limbe n'kunena kuti ndikufuna tayala la 28. Anandipatsa lolembedwa 28 ndithu. Nditafika nalo kumudzi, tinalimbana nalo anthu atatu, masipuni awiri n'kupindika, tayala osalowa. Wogulitsa sananame, ndipo ine sindinalakwitse kuwerenga. Kungoti 28 alipo awiri.

Kale dziko lililonse linkatchula matayala m'njira yakeyake, ndipo nambala ya mainchesi inkanena za kukula kwa tayala lonse likapopedwa, osati kukula kwa limu. Tayala lonenepa pa limu yaing'ono ndi tayala lowonda pa limu yaikulu zinkatha kupatsidwa nambala imodzi. Zili ngati kugula chivundikiro cha poto pongonena kuti "cha poto wamkulu". Chimene chimafunika ndi kukula kwa pakamwa pa potoyo.

Pofuna kuthetsa chisokonezochi anakhazikitsa muyezo wina wa mamilimita, umene umalembedwa m'mbali mwa matayala ambiri ndi manambala awiri, mwachitsanzo 40-635. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu pamene tayala limakhazikika. Yachiwiriyi ndiyo yosalakwika. Njinga yathu yakuda ya 28 x 1 1/2 ndi 635. Njinga zambiri za ku Ulaya zotchedwanso 28, kapena 700C, ndi 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 okha, koma n'kokwanira kupinda masipuni. Chodabwitsa china n'chakuti limu ya 27, imene imapezeka pa njinga zakale zothamangira, ndi 630, kutanthauza kuti 27 ameneyu ndi wamkulu kuposa 28 wa ku Ulaya uja. Ku 26 nakonso n'chimodzimodzi: wa mountain bike ndi 559, pamene 26 x 1 3/8 wa njinga zakale za ku England ndi 590.

Musanapereke ndalama, werengani nambala imeneyi patayala lakale, kenako mufunse m'mashopu apafupi ngati saizi yake imapezeka. Matayala a 635 ndi 559 ndi amene amayenda kwambiri m'misika yathu. Njinga ya saizi ina ikhoza kukhala yabwino koposa, koma tayala likadzatha idzabwerera kuseri kwa nkhokwe komwe inachokera.

Mazinga a mabawuti nawonso ali ndi nkhani yawo. Raleigh zakale za ku Nottingham zinkakhala ndi mazinga akeake, 26 pa inchi imodzi, pamene makampani ambiri ankagwiritsa ntchito 24. Mukakakamiza chipangizo cha 24 pa felemu ya 26, chimalowa kawiri katatu n'kuuma, ndipo mukawonjezera mphamvu mwaononga felemu. Kumbukiraninso kuti pedulo ya kumanzere imamasuka mozondoka, mopotokolera kumene mabawuti ena amamangira. Tcheni nachonso chili pawiri: chonenepa cha njinga yopanda magiya, ndi chowonda cha njinga ya magiya.

Kukonza kumayambira mkati

Ambiri akapeza njinga yakale amathamangira penti, belu ndi timaluwa ta pamahandulo. Amisiri amayambira kumene maso saona. Njinga imazungulira pa timipira tachitsulo timene tili m'malo anayi: habu yakutsogolo (pakati pa wilo, pamene pamachokera masipoko), habu yakumbuyo, ekiselo ya mapedulo ndi khosi. Pa njinga zambiri zakale habu yakumbuyo imakhala ndi timipira 9 mbali iliyonse, yakutsogolo 10 tating'onoko, ndipo pa ekiselo ya mapedulo 11. Njinga ikakhala zaka osayenda, gilisi amauma ngati phula. Kumasula, kutsuka ndi palafini, kuika timipira tatsopano ndi gilisi watsopano, ndi ntchito yotchipa imene imasintha njinga kuposa china chilichonse. Pomasulapo yalani chiguduli pansi, chifukwa kampira kamodzi kakagwera mumchenga mwataya theka la tsiku. Yang'anani timbale timene timipirato timayendamo. Ngati muli timaenje, njinga izingolira kuti gudugudu ngakhale mutathira gilisi wochuluka bwanji.

Kenako kotapini, kamsomali kaja kamene kamagwira mkono wa pedulo ku ekiselo. Ikatha, phazi limagwa pang'ono nthawi iliyonse mukapalasa. Ndi kanthu kotchipa, koma kamafuna kukhomedwa mochirikiza mkonowo pa chitsulo kapena chipika, kuti nyundo isaphwanye timipira ta mkati. Tcheni chimayezedwa ndi lula: mfundo 12 zathunthu zikhale mainchesi 12 ndendende, ndipo chikapitirira mooneka ndiye kuti chatha, chayambanso kudya mano a sipuloketi. Limu yopindika pang'ono imawongoledwa pomanga ndi kumasula masipoko, ntchito yofuna kudekha imene si mmisiri aliyense amaitha.

Mabuleki musawaike kumapeto. Limu yachitsulo ikanyowa, mabuleki amachedwa kugwira, ndipo aliyense amene anatsikapo zitunda za ku Thyolo mvula ikugwa, katundu ali kumbuyo, akudziwa tanthauzo lake. Mphira za mabuleki zikakhalitsa zimauma ngati mwala ngakhale zikuoneka zatsopano.

Pa funso loti yabwino ndi iti, ya magiya kapena yopanda magiya, amisiri eniake sagwirizana. Ena amati ku dera la mapiri ngati lathuli magiya amapulumutsa mawondo, ndipo limu za aluminiyamu zimagwira bwino mabuleki pa mvula. Ena amati magiya ndi nthambo zake ndiye zoyamba kufa ndi matope a m'minda ya tiyi, pamene njinga yakuda ija imakonzeka ndi sipanala ziwiri ndi nyundo. N'chifukwa chake mumapeza mountain bike zambiri zitafupikitsidwa tcheni n'kusiyidwa pa giya imodzi. Zimatengera ntchito: mphunzitsi woyenda yekha ndi chikwama sangasankhe mofanana ndi wonyamula matumba a ufa.

Kumene zimapezeka, ndi nkhani ya zakuba

Njinga yakale yodalirika nthawi zambiri sipezeka pamsika koma pakhomo: kwa achibale, kwa anthu opuma ntchito m'maesiteti, kapena kwa mmisiri amene mwini wake anamusiyira n'kulephera kulipira, bola mwiniyo avomereze. Amisiri ambiri amasunganso mafelemu ndi mahabu akale, ndipo amatha kumanga njinga imodzi kuchokera ku zitatu zakufa.

Koma chinthu chikakwera mtengo, akuba nawonso amadzuka. Kulandira katundu amene mukudziwa, kapena muli ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa pachitsulo, kawirikawiri kunsi kwa felemu pamene pali ekiselo ya mapedulo kapena pafupi ndi chishalo. Ngati pamalopo papalidwa kapena pamatidwa penti yokhuthala, funsani chifukwa chake. Lembani kalata yogulitsirana yokhala ndi nambalayo, dzina ndi mudzi wa wogulitsa, pakhale mboni, ndipo kumudzi ndi bwino kuti amfumu adziwe. Wogulitsa wofulumira kwambiri, amene mtengo wake ukutsika musananenerere n'komwe, ameneyo akukuuzani kanthu.

Mafunso amene adakalipo

Pali zina zimene ngakhale odziwa za njinga sanamvane. Loyamba ndi la njinga zobwera m'makontena. Ena amati zimapatsa anthu njinga zolimba pa mtengo wofikirika, zimaperekanso ntchito kwa amisiri. Ena amati zimabweretsa masaizi ambirimbiri opanda zipangizo zake kuno, ndipo zimapikisana ndi amalonda ogulitsa zatsopano. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, linasankha njira ina, yopanga njinga yatsopano yolimba ya Buffalo pamodzi ndi zipangizo zake m'malo motumiza zakale. Kodi njira yopindulitsa mlimi wa ku Thekerani pa zaka khumi ndi iti?

Lachiwiri ndi la zipangizo. Felemu ya zaka 50 ikhoza kukhala yamoyo, koma tayala, chubu ndi tcheni zimene mukuikapo n'zatsopano, ndipo zikuchokera kunja ndi ndalama zakunja zomwe zija. Ngati mitengo yake ipitirira kukwera, kodi padzafika pamene kudzutsa njinga yakufa kudzafanana mtengo ndi kugula yatsopano? Ndipo kodi n'zotheka kuti zina mwa zipangizozi, kupatula makeliyala amene owotcherera athu amapanga kale, zizipangidwa konkuno?

Lachitatu ndi la njinga zamoto. Kabaza wa njinga yamoto wachuluka m'matauni ndi m'misika yonse, ndipo achinyamata ambiri ofuna umakaniko akuthamangira kumeneko. Mafuta akasowa anthu amabwerera kwa wopalasa, akapezeka amamuiwala. Nanga amisiri achikulire aja, odziwa kumva dzimbiri ndi khutu ndi kumanga limu kuchokera pa sipoko yoyamba, akadzaika pansi sipanala, benchi ya pansi pa mtengo wa mango ija adzakhalapo ndani?